Chakukhosi cha Che Atumani

Nkhani iyi anayamba kundiuza ndi a Dinala, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Malindi, tsiku limene ndinakhala pa benchi yawo nditafunda chitenje cha eni, kudikira kuti andiikire chigamba pa buluku. Ine paja ndine munthu wosakhazikika. Ndagona m'madepoti, m'misika ndi m'makonde a anthu osawadziwa, ndipo kulikonse ndimachokako ndi nkhani ya munthu. Zambiri ndimaziiwala basi isanafike pa siteji yotsatira. Iyi inandikakamira, mpaka ndinakaifunsanso ku Lungwena ndi kutsidya ku Nkope.

Zinachitika zaka zija dzina la Fort Johnston linali litangoyamba kuzilala, anthu akuzolowera kunena kuti Mangochi, chipani chili chimodzi, ndipo munthu asanatsegule pakamwa ankayamba wacheuka.

Che Atumani anali mkulu wa khoka pa dooko lina kumpoto kwa Malindi. Inu a kumtunda mwina simulidziwa khoka. Ndi ukonde waukulu umene amakauponya ndi bwato, kenako anthu n'kumaukoka ali pamchenga m'mizere iwiri yotalikirana. Mizereyo ikapanda kukoka mofanana, khoka limapendekeka, nsomba n'kutulukira m'mbali. Ndiye pamafunika munthu woima pakati, woona mbali imene yatsalira n'kuifuulira. Munthu ameneyo anali Che Atumani. Amati iwo akakuwa, mbuzi za kuphiri zinkadzutsa mitu. Woitanira swala akadwala, shehe ankatuma kwa iwo, ndipo tsiku limenelo panalibe wonamizira kuti sanamve.

Panali tsiku limodzi lokha limene mawuwo sanatuluke. Che Atumani anali ndi mng'ono wawo amene anaphunzira ku mishoni, nabatizidwa dzina loti Jailosi, nakhala mphunzitsi. Chaka chija cha mavuto, chimene anthu a m'mbali imeneyo mpaka lero amachitchula motsitsa mawu, kunabwera galimoto m'mawa. Jailosi anali atatsikira kudooko kudzatenga ndiwo. Anamukweza atanyamula chambo chake m'manja. Che Atumani anaima pomwepo, chingwe cha khoka chili m'chiuno, osanena kanthu. Jailosi sanabwerenso. Panalibe uthenga woti ali moyo, panalibe uthenga woti wafa, choncho panalibenso maliro. Mayi awo anamwalira akumuikirabe mbale.

Patapita zaka, nyengo ya mwera itangoyamba, mawu a Che Atumani anasasa. Poyamba ankati ndi chimfine. Akazi awo, Asiatu, anawaphikira ndimu, nawatafunitsa tangawizi. Shehe anawalembera mawu opatulika pa mbale yoyera, nawatsukira m'madzi kuti amwe. Mawu osabwerera. M'malo mwake anayamba kumva kuwawa pomeza, ndipo ululuwo unkalasa mpaka m'khutu lakumanzere, ngakhale khutulo linalibe chilichonse. Kenako m'mbali mwa khosi munatuluka kamwanabere kolimba ngati nthudza, kosapweteka. Pa dooko anaikapo munthu wina wofuula, ndipo Che Atumani ankangoima pambali n'kumaloza ndi dzanja, khoka likupendekeka iwo akuona.

Anthu sankanena pamaso pawo, koma kumbali ankati mawu amene munthu wameza sapita m'mimba, amakhala pakhosi pompo n'kumawola. Che Atumani ankadziwa kuti anthu akutero. Nawonso ankaganiza zomwezo.

Ndiye tsiku lina tcheyamani wa chipani analengeza msonkhano pamsika. Msonkhano wa masiku amenewo sunali wofunsa ngati uli ndi nthawi. Anthu anakhala pansi pa mitengo ya mango, ndipo panafika landirova yoyera. Munatuluka mzungu wamtali, dokotala, atavala kagalasi kozungulira pamphumi. Pambuyo pake panatuluka wothandizira wake, bambo wachikuda wovala bwino, dzina lake a Macloud Kondowe. Iwowa kwawo kunali ku Rumphi. Chichewa anachiphunzira kusukulu, chinali choyera ndithu ngati cha pa wailesi, koma chinali cha m'buku.

Zimene anabwerera zinali zabwino. Madokotala a ku Blantyre anaona kuti odwala khansa ya kummero, ya kuseri kwa mphuno ndi ya m'chibwano ankawafika mochedwa, matenda atakula kale. Anafuna kuyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuti aone kuchuluka kwake, afufuze chimene chimayambitsa, ndiponso awapeze anthu nthawi ikadalipo. A Kondowe anafotokoza bwino za makutu otuluka mafinya ndi za ana otupa zibwano. Atafika pa za kummero, anafunafuna mawu achidule oti anthu awagwire msanga, ndipo anawapeza.

"Ife tabwera pa kafukufuku," anatero. "Boma lamva kuti kuno kunyanja anthu ambiri ali ndi chakukhosi, ndipo likufuna kudziwa chifukwa chake. Aliyense amene ali ndi chakukhosi, makamaka chimene chakhalitsa, abwere mawa kusukulu. Musabise. Tili ndi kagalasi koona mpaka mkati. Amene tiwapeze nacho chachikulu tipita nawo ku Blantyre."

Pamsika panangoti zii. Inu ndi ine tikudziwa chakukhosi. Koma ndani akanaimirira kuti akonze Chichewa cha munthu wa boma, n'kufotokoza pagulu kuti pali chinthu chotchedwa kusungira boma mangawa? Tcheyamani mwiniwake anatuluka thukuta. Anadzuka mofulumira, nafunsa ngati pamudzi pake pali munthu wa chakukhosi. Anthu onse anayankha pamodzi kuti palibe, amayi n'kuyambitsa nyimbo. Dalaivala wa landirova anali Mnyanja wa komweko ndipo anamva zonse, koma anali ndi ana oti alere.

Che Atumani sanayankhe nawo, popeza mawu analibe. Ndipo anaona, kapena anaganiza kuti aona, maso a a Kondowe ataima pa iwo: munthu yekhayo pagulu lonse amene sananene kuti palibe.

Sanadikire kuti kuche. Masana omwewo anakulunga mkeka ndi singano yawo yosokera maukonde, nauza Asiatu kuti akukaona msuweni wawo ku Lungwena. Anayenda m'mbali mwa madzi, kupewa msewu. Ku Lungwena anakhala kuseri kwa nyumba akusoka maukonde a eni, koma matako sankakhazikika pansi. Kulira kulikonse kwa injini kunkawadzutsa. Ankasoka pang'ono, n'kudzuka kukasuzumira kumsewu, n'kubwerera, n'kupeza kuti aiwala pamene analekezera.

Sabata isanathe landirova yoyera inafika ku Lungwena. Akanadziwa bwanji kuti msewu wa mbali imeneyo ndi umodzi, ndipo a kafukufukuwo ankangoutsata mudzi ndi mudzi? Iwo anangoona kuti awalondola. Anamva ndi makutu awo, ali kuseri kwa mpanda wa bango, mawu omwe aja akubwerezedwa: chakukhosi chimene chakhalitsa, kagalasi koona mpaka mkati. Anachokanso, kulowera kumpoto, njira ya ku Makanjira. Pa dooko lina anagona pansi pa thandala loyanikapo usipa. Pa dooko lina anathandiza kuwamba nsomba, utsi ukuwatsokomoletsa mpaka magazi. Paliponse sankakhalitsa. Ankati akangoyamba kudziwika dzina, fumbi la galimoto linkaoneka kumwera.

Asiatu anawapeza pa dooko lachitatu kapena lachinayi, a Dinala sankakumbukira. Anali mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, ndipo anafika atasenza kampoto ndi ufa wa phala, podziwa kuti amuna awo chakudya cholimba chinali chitayamba kuwakanika. Sanapereke moni. Anatula katundu, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo ake Ajira, mukuthawa galimoto poyenda mumsewu wake womwewo? Ngakhale nkhuku imadziwa kupatuka."

Kenako anawauza za kumudzi. Anati tsiku lija kusukulu kunapita amayi okhaokha ndi ana a makutu, wamkulu wa vuto la pakhosi panalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo mzungu uja anadabwa kuti mudzi wa asodzi osuta chingambwe ungakhale ndi makosi abwino chotere. Anati mwana wamkazi wa Malita, uja anatupa chibwano mpaka diso kutsekeka, anapita naye ku Blantyre pamodzi ndi mayi ake, ndipo uthenga wabwera woti chotupacho chikuphwa. Apolisi amaphwetsa zotupa? Anthu amenewo ndi madokotala basi.

Che Atumani anapukusa mutu. Anakokera akazi awo pafupi, popeza tsopano ankangonong'ona.

"Imeneyo ndi nyambo."

"Nyambo amatayira kampango wonona," anayankha Asiatu, "osati usipa wouma ngati inu."

Koma nawonso sanalimbikire kwambiri. Anali pamsika paja, anamva okha mawuwo, ndipo anali pa dooko tsiku limene Jailosi anatengedwa. Mtima wina unkati madokotala, mtima wina unkati kaya. Choncho m'malo mowabweza amuna awo, anayamba kuyenda nawo.

Kumpoto njira inali kutha, kutsogolo kunali malire ndipo kutsidya kwa malirewo kunali nkhondo. Che Atumani anaganiza zowoloka nyanja. Anapeza boti la injini lonyamula madengu a nsomba zouma kupita ku Nkope, nakwera pamwamba pa madenguwo. Mwera unali usanaleke. Botilo linkakwera funde n'kugwa ngati likuthyoka msana, Asiatu akusanza ndi kutukwana, koma Che Atumani kwa nthawi yoyamba chichokere kumudzi anapuma bwino. Landirova siyenda pamadzi.

Ku Nkope anafikira kwa msodzi wina, mnzawo wakalekale, Mkhristu, amene sanafunse mafunso. Anawapatsa kanyumba kosungiramo nkhafi ndi zingwe. Kumeneko anakhalako ndithu, mwera unatha, kutentha kunayamba, mango anayamba kuyezuka. Koma mtendere sanaupeze. Munthu amene wathawa kwambiri miyendo imazolowera. Ankadzuka kupita kumadzi, kubwerera, kuzungulira nyumba, kukhala pansi, kudzukanso. Ndipo chinthu chija chinkakula. Kamwanabere kaja kanafika ngati dzira la nkhuku, kenako kanabala kanzake. Phala linayamba kubwerera m'mphuno. Akagona chagada mpweya unkalira ngati mluzu, moti ankagona chokhala, atatsamira khoma.

Tsiku lina m'mawa Asiatu anabwera kuchokera kumjigo osasenza ndowa. Anaima pakhomo. Che Atumani sanafunse. Anali atamva kale injiniyo. A kafukufuku anali atamaliza mbali ya kum'mawa, nawoloka pa pantoni ku Mangochi, nayamba midzi ya kumadzulo. Koma kwa Che Atumani zinatanthauza chinthu chimodzi: awoloka nyanja kuwatsata.

Anayang'ana mkeka wawo, nayesa kuganiza za kwina kothawira. Kumapiri? Ku Monkey Bay kumene kuli asilikali? Anayesa kuimirira msanga, chifuwa chinakana, anagwira khoma mpaka mpweya utabwerera. Pamenepo anadziwa kuti kuthawa kwatha. Ndipo anaganiza kuti ngati akupita ndithu kumene anapita Jailosi, apite atanena.

Anapempha madzi, natawadha mosamala ngati akupita ku swala ya Lachisanu. Anavala mkanjo wawo woyera ndi kofia. Anauza Asiatu kuti khoka alisiyire mwamuna wa Ajira, ndipo iwo abwerere kumudzi asadikire. Anatenga bulangete, poti ankamva kuti kumene amapita anthu otere kumazizira. Asiatu sananene za usipa wouma tsiku limenelo. Anawatsatira pambuyo patali pang'ono.

A kafukufuku anali m'kalasi ina ya pasukulu, ana atawatulutsira pansi pa mtengo. Pakhomo panaima bambo wa chipani wa malaya ofiira, wosunga mzere. Mzerewo unali wa amayi ndi ana basi. Mzungu anali panja akusamba m'manja, ndipo mkati munali a Kondowe okha. Ataona munthu wamkulu wa mkanjo akulowa, khosi lotupa mbali imodzi, mpweya ukulira, anadzuka ndi chimwemwe chimene anachita nacho manyazi pambuyo pake. Nyanja yonse anayenda kufuna munthu ngati ameneyu.

Anawakhazika pa mpando. Che Atumani anaika bulangete pamiyendo, nakodola a Kondowe kuti aweramire pafupi.

"Ndine amene mukumufuna. Ndabwera ndekha. Akazi anga musawakhudze."

"Mwachita bwino, bambo. Muli nacho chakukhosi?"

"Ndili nacho."

"Chinayamba liti?"

"Tsiku limene munamutenga Jailosi."

A Kondowe anaganiza kuti sanamve bwino. Anaweramira pafupi kwambiri, khutu lawo pafupi ndi milomo ya mkuluyo. Ndipo Che Atumani ananena zonse, monong'ona, akupumira pakati pa mawu. Anati mng'ono wawo anali mphunzitsi, sanagwirepo mfuti, anangobwera kudzatenga ndiwo. Anati mayi awo anafa akuyang'ana kumsewu. Anati iwo sakupempha kuti munthu alangidwe, zimenezo ndi za Mulungu. Akungofuna auzidwe kumene anamuika, kuti anzake a kutchalitchi akamuimbire nyimbo zawo, abale n'kumeta. Anati boma limene limatenga munthu osabweza ngakhale malaya ake silinachite bwino, ndipo iwo akhala nazo zimenezi pakhosi zaka zonsezi, tsopano azinena, awatenge.

A Kondowe anali munthu wa kumpoto pa ntchito ya boma, ndipo ankadziwa anzawo amene anachotsedwa pa ntchito chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Kungomva chabe n'kusakanena unali mlandu. Anadzutsa mutu, napeza bambo wa malaya ofiira uja atasuzumira pakhomo.

"Akuti bwanji mdalayo?"

"Akuti sakutha kumeza," anatero a Kondowe. "Zinazo sizikumveka, mawu anatha. Tathamangani mukauze amayi a kwa ahedi atiwiritsire madzi ambiri, ndipo mudikire mpaka awire."

Bamboyo atachoka, a Kondowe anakhala pa desiki la mwana wasukulu, mawondo ali m'mwamba. Anafunsa motsitsa kuti kodi chakukhosi, m'Chichewa cha kuno, n'chiyani kwenikweni. Amene anayankha ndi Asiatu, amene anali ataima pawindo nthawi yonseyi.

"Ndi mangawa, achimwene. Ndi mawu amene umamusungira munthu amene anakulakwira. Inu mumati n'chiyani?"

A Kondowe anati iwo ankatanthauza chinthu chomera kukhosi. Chotupa. Matenda.

"Ndiye mwawathamangitsa amuna anga nyanja yonse chifukwa cha Chichewa cha ku Rumphi?"

A Kondowe ankawerenga mumtima midzi yonse imene anaimamo n'kunena mawu amenewo, ndi amuna onse amene anawaona atakhala kumbuyo, atafunditsa makosi ndi mipango kunja kukutentha, akuyankha nawo kuti palibe.

Che Atumani ndi amene anavutika kumvetsa. Anayang'ana akazi awo, nayang'ana bulangete. Munthu wasenza mtolo zaka zonsezi, wautula pamapazi a amene ankamuyesa mwini wake, n'kupezeka kuti ndi mlendo wodutsa. Sanadziwe ngati aseke kapena achite manyazi. Chinabwera ndi chifuwa, ndipo anatsokomola mpaka mzungu analowa mothamanga.

Dokotalayo sanataye nthawi. Anayatsa kanyali ka sipiriti, natenga kagalasi kakang'ono ka pa kamtengo kachitsulo, nakawotcha pang'ono kuti kasachite nthunzi, nakayesa kuseri kwa dzanja lake. Anagwira lilime la Che Atumani ndi kansalu koyera, nalikokera kunja. Kagalasi ka pamphumi kaja kanali kongoponyera kuwala mkamwa. Anawauza kudzera mwa a Kondowe kuti anene kuti iii. Panatuluka mpweya wokha. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapapasa khosi mbali zonse ndi zala zozizira, nalankhula Chingerezi chachifupi.

Tsopano a Kondowe ankasankha mawu ngati munthu woyenda paminga. Anati m'kholingo, pamene pamachokera mawu, pamera chotupa, ndipo dokotala akuganiza kuti ndi khansa. Kuti atsimikize ayenera kukadulako kachidutswa ku Blantyre n'kukaunika. Anati chimene chimayambitsa sakuchidziwa bwinobwino, n'chifukwa chake akuyenda: mwina fodya, mwina kachasu, mwina utsi wowambira nsomba, mwina zina. Che Atumani anakweza dzanja pa mawu a kachasu, ndipo Asiatu, amene tsopano anali atalowa m'kalasimo, anati amuna awo chibadwire sanalawepo, koma fodya yekha ndiye ankasuta ngati uvuni wa njerwa.

Kenako a Kondowe ananena zovutazo. Chotupacho chatsala pang'ono kutseka njira ya mpweya. Akachisiya, mvula ikubwerayi sadzaiona kutha. Akapita ku opaleshoni, madokotala adzachotsa kholingo lonse, mawu sadzabwereranso ngakhale onong'ona, ndipo azidzapumira pa kabowo ka pakhosi. Ndipo munthu wa kabowo sakwera bwato, salowa m'nyanja, chifukwa madzi akangolowa pamenepo wamira, ngakhale pofika m'chiuno.

Asiatu anafunsa ngati zikanasiyana akanabwera tsiku lija ku Malindi. A Kondowe anazengereza, koma anamufunsa mzunguyo. Iye anatambasula manja. Anati mwina, chifukwa nthawi imeneyo chinali chaching'ono, koma sanganame kuti akudziwa. A Kondowe anamasulira zonse, osachotsapo kanthu, ngakhale kuti mawuwo ankawalasa iwo omwe.

Che Atumani anayang'ana kunja. Pawindo pankaoneka nyanja, masana, yoyera ngati lata, ndi anthu ena akukoka khoka lawo chapatali. Anawayang'ana mpaka analitulutsa. Kenako anakodolanso a Kondowe.

"Nanga funso langa lija?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndikanadziwa ndikanakuuzani. Ife timangoona pamene kagalasi kafika."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ananong'oneza akazi awo kuti zimene anali nazo zoti anene wazinena, zotsalazo ndi zopempha madzi ndi fodya, zimenezo manja angathe. Asiatu anati fodya yekhayo ayiwale. Bambo wa malaya ofiira anafika ndi ndowa ya madzi otentha, thukuta lili kamukamu, ndipo panalibe amene anakumbukira kuti madziwo anali a chiyani.

Anapita nawo ku Blantyre tsiku lomwelo, Asiatu ali pambali. Patapita masiku angapo pa mudzi wotsatira a Kondowe anaimirira n'kunena kuti akufuna anthu a mawu osasa, ovutika kumeza, ndi a zotupa za pakhosi. Amati panabwera amuna asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo, ena atachokera kutsidya pa bwato, popeza nkhani inali itawoloka kale. Anapemphanso kuti landirova ibwerere mbali ya Malindi ndi Lungwena, ndipo mzungu atafunsa chifukwa, anangoti ulendo woyamba anthu anali otanganidwa ndi usipa.

Che Atumani anabwerera kwawo mvula ili pakati, atamanga kansalu pakhosi. Anakhala zaka zingapo ndithu. Ankakhala pansi pa mtengo kutali ndi madzi, akusoka maukonde, ndipo khoka likapendekeka ankamenya chitini ndi mwala, kamodzi kwa a kumwera, kawiri kwa a kumpoto. Za Jailosi sanamve kanthu mpaka anamwalira.

Umu ndi mmene a Dinala anandiuzira. Zoti kunabwera a kafukufuku n'zoona, ambiri akuwakumbukira. Zoti mawu aja ananenedwa pamsika, ndinapeza anthu awiri ku Lungwena amene anaseka nditangowatchula. Koma za m'kalasi muja ndikukayika. A Dinala kunalibeko. A Kondowe sakanayenda n'kumauza anthu kuti anamva mawu otere n'kuwabisa. Asiatu ankadziwa kusunga pakamwa pa zinthu zopha, ndipo mwini wake anabwerako wopanda mawu. Ndiye anaulula ndani? Mayi wina wokalamba ku Nkope anandiuza kuti iye anaona anthu akubwera nawo Che Atumani pa njinga atakomoka, ndipo sanalankhule ndi munthu. Ine ndikuganiza kuti mwina mawu amenewo Che Atumani sanawanene. Mwina ndi anthu a ku Malindi amene ankafuna kuti wina akhale atawanena.